Enterprise itayamba kuimba: zolemba za ntchito yojambula pologalamu

Loweruka, tsiku loyamba

Ntchito yomwe ndadzipatsa ndi kujambula pologalamu yomvera ya mphindi 30, m'Chichewa, yofotokoza chomwe chinagawanitsa anthu okonda Star Trek, sewero la pa kanema la ku America lonena za anthu oyenda pa chombo m'mlengalenga, chifukwa cha gawo limodzi lokha. Gawolo dzina lake ndi "Subspace Rhapsody", lachisanu ndi chinayi m'chigawo chachiwiri cha Strange New Worlds, mndandanda wina wa Star Trek wonena za chombo chotchedwa Enterprise, ndipo linatuluka pa 3 Ogasiti 2023 pa Paramount+, malo oonerapo makanema pa intaneti. Chiyambire Star Trek mu 1966, kunali kusanakhaleko gawo lomwe anthu a m'chombo amalankhulana poimba ndi kuvina kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Ena analilandira ndi manja awiri. Ena mpaka lero safuna n'kulimva dzina.

Tilipo atatu pa ntchitoyi. Pali ine, pali achimwene anga aakulu omwe anayamba kuonera Star Trek akugwira ntchito ku Johannesburg ndipo amaidziwa ngati munda wawo, ndiye pali alamu anga, akazi awo, omwe amaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu ndipo sanaonerepo Star Trek ngakhale gawo limodzi. Ndawasankha dala. Ndikufuna khutu lodziwa nkhaniyi ndi khutu lodziwa nyimbo.

Zida zomwe zilipo: foni, maikolofoni yaing'ono yokoleka pakolala, laputopu, ndi kope la masamba 96.

Lamulungu madzulo

Taonera limodzi. Kwa amene simunaonere, nkhani yake ili motere. Uhura, mtsikana woyang'anira za mauthenga m'chombo, ndi Spock, mkulu wa sayansi wochokera ku dziko lina lotchedwa Vulcan, akuyesa kutumiza mauthenga kudzera pa mng'alu wina wachilengedwe womwe aupeza m'mlengalenga, poganiza kuti ungafulumizitse kulumikizana kwa zombo. Zikukanika. Pelia, mkulu wa mainjini, akuti yesani nyimbo. Uhura akutumiza nyimbo yakale ya Cole Porter yotchedwa "Anything Goes", ndipo mng'alu uja ukubweza mphamvu yomwe ikusintha malamulo a chilengedwe m'chombomo. Kuyambira pamenepo, munthu aliyense mtima wake ukangodzadza, pakamwa pamatuluka nyimbo, afune asafune, ndipo zomwe akuimbazo ndi zoona zokhazokha za mumtima mwake.

Spock atangotsegula pakamwa n'kuyamba kuimba lipoti la mmene chombo chilili, achimwene ananyamuka n'kukaima pakhonde. Anabwerera patapita nthawi, koma anaonera chotsalacho manja atapinda pachifuwa. Alamu anasendera kutsogolo kwa mpando. Pamene Uhura amaimba yekha chakumapeto, ndinawaona akugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati mmene amachitira mtsikana wa soprano akafika pa noti yomwe akhala akulimbana nayo mwezi wathunthu.

Gawolo litatha alamu anangoti, "Mwana ameneyu waphunzira kupuma." Ndinawauza kuti Celia Rose Gooding, yemwe amasewera Uhura, anachokera ku zisudzo zoimba za ku Broadway, ndipo anapikisana nawo pa mphoto ya Tony chifukwa cha sewero la Jagged Little Pill. Iwo akuti zimamveka.

Achimwene akuti tikambirana tsiku lina.

Lachitatu

Masiku atatu ndakhala ndikuwerenga zomwe otsatira Star Trek analemba ndi kunena, ndipo ndayesa kuziika m'milu. Poyamba ndinajambula mizere iwiri m'kope, okonda uku, odana nazo uku. Pofika tsamba lachinayi ndinaona kuti mizere iwiriyo ikundinamiza.

Choyamba chomwe ndazindikira n'chakuti mkangano unayamba gawolo lisanatuluke. Analilengeza pa Comic-Con, msonkhano wa okonda mafilimu ndi makatuni, ku San Diego pa 22 Julayi 2023, tsiku lomwelo lomwe anatulutsa msanga "Those Old Scientists", gawo lomwe anthu a m'katuni ya Star Trek yotchedwa Lower Decks amalowa m'chombo cha Enterprise. Ndiye panali pafupifupi masabata awiri oti anthu azikangana za chinthu chomwe sanachione. Ambiri omwe anakwiya anakwiya nthawi imeneyi, ndipo ena mwa iwo ananeneratu kuti saonera.

Chachiwiri, nthawi imeneyo ochita zisudzo ku Hollywood anali pa sitalaka yomwe inayamba pa 14 Julayi, olemba atayamba kale yawo mu Meyi. Malamulo a sitalaka sankalola osewera kutsatsa ntchito zawo. Choncho gawo lomwe anthu anathera thukuta pophunzira kuimba ndi kuvina linatuluka eni akewo ali chete. Bwalo linatsala la oonera okha. Ndikuona kuti ichi chiyenera kulowa m'pologalamu, chifukwa chikufotokoza chifukwa chomwe mawu a oonera anamvekera kwambiri m'masabata oyamba aja.

Tsopano milu yanga yafika isanu, ndipo ina ikulowerana. Pali omwe amadana ndi masewero oimba, kaya ndi a Star Trek kaya ndi a wina aliyense. Awa ndi osavuta kuwamvetsa, ndipo ambiri amavomera okha kuti vuto si gawoli. Pali omwe amati chigawo chili ndi magawo khumi okha, ndiye kutaya awiri pa katuni ndi nyimbo n'kuwononga, pomwe kale chigawo chimodzi chinkakhala ndi magawo 26 ndipo limodzi lamasewera silinkapweteka munthu. Dandaulo ili ndalilemba ndi inki yofiira chifukwa lili ndi mutu. Pali omwe anadabwa ndi malo omwe gawoli linaikidwa: sabata yapitayo anali ataonera "Under the Cloak of War", nkhani yolemera ya mabala a nkhondo omwe Dokotala M'Benga wasenza, ndipo sabata yotsatira kunali kubwera "Hegemony" ndi zilombo za Gorn. Kuchoka pamaliro n'kugwera paukwati, kenaka kubwerera kunkhondo. Pali okonda masewero oimba omwe anati nyimbo zake sizinafike pa mlingo wa "Once More, with Feeling", gawo loimba la Buffy the Vampire Slayer la mu 2001, lomwe aliyense amayezerapo magawo amtunduwu. Enanso m'gulu lomweli anadandaula kuti mawu a osewera ena anawasalaza kwambiri ndi makina. Ndiye pali khamu lomwe linasangalala, lomwe linagula nyimbozo mpaka chimbale chake chinakwera pamwamba pa mndandanda wa iTunes m'masiku oyamba.

Lachisanu

Tinajambula mawu oyamba a pologalamu, mphindi zisanu ndi chimodzi. Ndikusamutsira mu laputopu magetsi anathima, batire la laputopuyo linafa kale, ndipo fayilo inaonongeka. Pa foni ndinali nditafufuta kuti ndipeze malo. Zandiwawa, chifukwa alamu analankhula bwino kwambiri za kupuma kwa woimba. Kuyambira lero sindifufuta chilichonse pa foni ndisanamvere kopi yake mpaka kumapeto.

Lolemba, sabata yachiwiri

Lero ndi tsiku lomwe ntchitoyi yapeza msana wake, ndipo siinaupeze kwa ine.

Ndinapita kwa alamu kuti tibwereze zomwe zinatayika. Ndinawapeza akusankha nyemba palichero. Ndinawaonetsanso pa foni malo aja pamene Kaputeni Pike akulankhula ndi bwenzi lake, Kaputeni Batel, pa kanema wamkulu wa m'chipinda choyendetsera chombo. Awiriwa asemphana pa nkhani ya kokapumula, ndipo mwadzidzidzi akuyamba kuimba mkangano wawo pamaso pa antchito onse, mpaka La'an, mkulu wa chitetezo, akudula kulumikizanako kuti apulumutse bwana wake ku manyazi. Nyimboyo dzina lake ndi "Private Conversation", kutanthauza zokambirana za awiri.

Alamu anaika lichero pansi. "Alamu, kodi izi mukuti zachilendozi si za pamtondo izi?"

Ndinawafunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Agogo athu akakwiya ndi amuna awo sankapita kukawakalipira. Ankatenga musi, kuitana mnzawo, n'kuyamba kusinja. Nyimbo ija imatuluka, ndipo mudzi wonse umamva kuti bambo auje ndalama ya fodya athera kumowa, kapena kuti apongozi awonjeza. Bamboyo ali pansi pa mtengo akumva, koma sangayankhe, chifukwa ndi nyimbo. Zomwe pakamwa pakuopa, nyimbo imanena."

Ndinakhala chete nthawi ndithu. Masiku onsewa ndakhala ndikuwerenga anthu akutsutsana ngati n'zomveka kuti munthu aziimba zinsinsi zake, pomwe kwathu kuno funso limenelo linayankhidwa kalekale. Ndani wa ife sanakhale pamoto n'kuvomera "tilitonse", n'kumva nthano ya kambalame komwe kamaimba kuulula yemwe anapha mnzake kuthengo? M'nthano zathu nyimbo imalowa pamene nkhani yafika poti mawu wamba sangainyamule. Wakuphayo amakana pakamwa, koma kambalame kamabwerabe ndi nyimbo yake mpaka mfumu itamva. Palibe mwana amene anaimitsapo agogo n'kufunsa kuti mbalame ingaimbe bwanji Chichewa.

Kusiyana kwake, komwe alamu anakuonanso okha, n'kwakuti mayi wa pamtondo amasankha yekha kuimba. Anthu a mu Enterprise sakusankha. Nyimbo ikuwagwira ngati chifuwa. N'chifukwa chake La'an akupita kwa akuluakulu kukanena kuti kuimbaku n'koopsa pa chitetezo cha chombo. Iye ali ndi chinsinsi chomwe malamulo samulola kuulula: m'gawo lachitatu la chigawo chomwechi anabwerera m'mbuyo m'nthawi ndi James Kirk (kaputeni wodziwika wa mu Star Trek yoyamba) wina wa m'mbiri ina, anamukonda, ndipo anamuona akufa. Tsopano Kirk weniweni ali m'chombo momwemo, sakudziwa kanthu. Christina Chong, yemwe amasewera La'an, akuimba "How Would That Feel" ali yekha m'chipinda, kufunsa kuti zikanakhala bwanji akanakhala munthu wotha kumasuka. Kenaka akupanga chinthu chomwe chimandikhudza kuposa nyimbo zonse: akupita kwa Kirk n'kumuuza zonse ndi mawu wamba, nyimbo isanamukakamize. Kirk akumuyankha mwaulemu kuti ali ndi wina, Carol, ndipo ndi woyembekezera.

Ndiye ndasintha dongosolo lonse la pologalamu. Siiyambanso ndi mbiri ya Star Trek. Iyamba ndi kugunda kwa musi. Alamu akuti mtondo ulipo kwa mnansi wawo, ngakhale masiku ano aliyense amathamangira kuchigayo, ndipo tikajambule kulira kwake Loweruka.

Lachitatu

Tsiku lomasulira. Sitiika nyimbo zenizenizo m'pologalamu chifukwa zili ndi eni ake, Kay Hanley ndi Tom Polce ndi omwe anazipeka, ndipo ndilibe chilolezo. Tizingozifotokoza. Koma ngakhale kufotokoza kokha kwandigwetsa thukuta pa nyimbo ya Spock.

Nkhani yake ndi iyi. Namwino Christine Chapel wapeza mwayi wokaphunzira kwa miyezi itatu pansi pa Dokotala Roger Korby, ndipo sanamuuze Spock, yemwe ali naye pachibwenzi. Akusangalala ndi anzake m'chipinda chochezera, Spock akumufunsa, ndipo yankho likutuluka ngati nyimbo yovina yotchedwa "I'm Ready": wakonzeka kupita, ndipo ngati kupitako kukutanthauza kumusiya Spock, amusiya. Anthu onse akuvina mozungulira, Spock ataima chilili. Pambuyo pake Spock akuimba yake pa kaimbidwe komweko koma kochedwa ndi kolemera, "I'm the X". M'Chingerezi mawuwa ali ndi mbali ziwiri, bwenzi lakale losiyidwa, komanso chilembo chija cha m'masamu chomwe chimaimira nambala yosadziwika. Spock ndi munthu wa masamu, ndiye akudziwerengera ngati samu yomwe yalakwika chifukwa analola mtima kulowamo.

Ndayesa "ndine wotsala", poganiza za chotsala cha samu yogawa. Ndayesa "ndine wochotsedwa", poganiza za kuchotsera. Alamu akonda yachiwiriyi, akuti imamveka m'kalasi komanso m'banja. Ndatenga imeneyo, ndipo ndifotokoza za X ija m'chiganizo chimodzi basi.

Nyimbo ziwirizi zinabweretsa mkangano wina womwe sukhudza kuimba n'komwe. Oonera ena anamuda Chapel kuti ndi wouma mtima, kusiya munthu pagulu chotero. Ena anamuikira kumbuyo kuti sanasankhe kunena pagulu, ndipo mkazi kufuna maphunziro ake si mlandu. Ine ndili ndi achiwiriwa, ngakhale nkhope ya Ethan Peck, yemwe amasewera Spock, pamalo amenewo imandimvetsa chisoni nthawi iliyonse. Chomwe ndikufuna omvera agwire n'chakuti anthu omwe ankakangana za Chapel anali atasiya kale kufunsa ngati Star Trek iyenera kuimba. Anali atalowa m'nkhani.

Loweruka

Tajambula mtondo. Amayi awiri anasinja mphale pang'ono, ndipo mmodzi anayamba kung'ung'udza nyimbo osapemphedwa. Ndinamupempha chilolezo choti kung'ung'udzako kumveke m'pologalamu, wavomera bola dzina lake lisatchulidwe. Maikolofoni ndinaiika pafupi kwambiri poyamba ndipo kugunda kunkaphulika m'makutu. Nditaisendeza mapazi anayi zinamveka bwino, mpaka nkhuku za kuseri.

Lamulungu

Achimwene avomera kukhala pansi. Ndinawakoleka maikolofoni pakolala ya shati yawo ya kutchalitchi, ndipo ndinawalonjeza kuti sindidula mawu awo kuti amveke ngati agonja.

Ndinayamba ndi mfundo yomwe okonda gawoli amaibwereza kawirikawiri, yakuti Star Trek yakhala ikuimba kuyambira kale. Nichelle Nichols, Uhura woyamba, anaimba mu "Charlie X" mu 1966 Spock akumuimbira zeze wa kwawo. M'mindandanda ina ya Star Trek, Deep Space Nine inali ndi Vic Fontaine, woimba wa m'nyumba yachisangalalo. Dokotala wa mu Voyager ankakonda opera. Picard, Worf ndi Data anaimba nyimbo ya Gilbert ndi Sullivan mu filimu ya Insurrection mu 1998.

"Zonsezo ndikuzidziwa kuposa iwe," anatero. "Koma onsewo ankaimba chifukwa afuna. Munthu kuimba pa phwando ndi khalidwe lake. Apa awalanda ulemu. Ine Spock ndimamulemekeza chifukwa amadzigwira. Zaka zonse zija ndili kutali ndi kwathu, ndikugona m'kachipinda ndi anthu osawadziwa, ndinkamuona munthu uja wosiyana ndi onse m'chombo, wosadandaula, wogwira ntchito yake. Ndiye lero mundionetse akulira m'nyimbo chifukwa cha mkazi?"

Sindinayembekezere zimenezi. M'milu yanga isanu ija munalibe malo a yankho lotere. Ndinawafunsa ngati sakuona kuti gawolo likugwirizana nawo, popeza mapeto a nyimbo ya Spock ndi akuti sadzalolanso mtima kumutsogolera, ndipo apa ndi pomwe akuyambira kusanduka Spock wouma uja wa Leonard Nimoy, wosewera woyamba wa Spock, yemwe iwo amamukonda.

Anaganiza kaye. "Mwina. Koma sindinafune kuona pomwe anapwetekera. Bambo ako ukawadziwa ali olimba, sufuna wina akuonetse tsiku lomwe analira."

Alamu anali pakhomo la khitchini akumva. Anati, "Bambo a kunyumba, nanga si ndiye pamtondo pamenepo? Womvera ndi amene amachita manyazi, osati woimba."

Achimwene sanayankhe, ndipo sekondi khumi ndi ziwiri za chete zimenezo ndizisiya momwemo m'pologalamu.

Ndikuganiza tsopano kuti ambiri mwa omwe anakwiya ndi gawoli ali ngati achimwene, kungoti analemba za magawo khumi ndi makina osalaza mawu chifukwa zimenezo n'zosavuta kunena. Sindingatsimikize za munthu aliyense, ndipo m'pologalamu ndinena kuti awa ndi maganizo anga. Koma munthu sakwiya chotero ndi chinthu chomwe sichinamukhudze penapake.

Pa nkhani ya ma Klingon, mtundu wankhondo wa ku dziko lina mu Star Trek, pokha ndi pomwe achimwene anamasuka. Chakumapeto, mphamvu ija yafalikira mpaka ku zombo za ma Klingon, ndipo iwo akubwera kudzaphulitsa mng'aluwo chifukwa kuimba kwawachotsera ulemu. Aliyense wodziwa Star Trek ankayembekeza opera, popeza ma Klingon amadziwika ndi opera yawo yaukali. M'malo mwake akuoneka akuvina ndi kuimba ngati kagulu ka anyamata a K-pop, nyimbo zamakono za ku Korea, kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Opanga gawoli anajambula mitundu yonse iwiri n'kusankha ya K-pop. Oonera ena amati apa ndi pomwe anaseka mpaka misozi, ena amati apa ndi pomwe anazimitsa kanema. Achimwene akuti ndi malo okhawo omwe anawamvetsa, chifukwa ma Klingon okha ndi omwe anakwiya ngati iwo. Sankadziwa kuti mtsogoleri wa ma Klingon aja, Garkog, ndi Bruce Horak, yemwe ankasewera Hemmer, injiniya wosaona yemwe anafa m'chigawo choyamba. Nditawauza anapempha kuti tibwezere pamalopo aonenso.

Lachinayi, sabata yachitatu

Ndadula ndi kulumikiza. Pakadali pano pologalamu ili ndi mphindi 41, ndiye 11 ziyenera kuchoka. Zomwe ndachotsa kale: mbiri yaitali ya Star Trek, ndi ndime yomwe ndinkatchula otsogolera ndi olemba onse. Ndasiya chiganizo chimodzi chonena kuti analemba ndi Dana Horgan ndi Bill Wolkoff, ndipo anatsogolera ndi Dermott Downs. Ndasiyanso mfundo yakuti mu 2024 gawoli linalowa m'gulu lomaliza la mphoto ya Hugo, yoperekedwa ku nkhani zopeka za sayansi, limodzi ndi "Those Old Scientists", ngakhale mphotoyo inapita kwa gawo la The Last of Us. Magawo awiri omwe anadandaulidwa kwambiri kuti ndi masewera ndi omwewo omwe owerenga ndi oonera nkhani za sayansi anawasankha, ndipo omvera ayenera kudziwa zimenezo pamodzi ndi madandaulo aja.

Chomwe ndikukana kudula ndi ndime ya Uhura. Ndi mphindi zisanu, ndipo ndikudziwa kuti ndi yaitali. Koma dzina lakelo linachokera ku mawu a Chiswahili akuti uhuru (ufulu), munthuyo m'nkhani ndi wa ku Kenya, ndipo m'gawoli ndi iye amene akupeza njira yopulumukira. Nyimbo yake, "Keep Us Connected", ikunena za makolo ndi mchimwene wake omwe anafa pa ngozi, za Hemmer yemwe anamuphunzitsa ntchito n'kumusiyanso, ndi za ntchito yake yolumikiza mawu a anthu ena iye ali yekha. Ali m'kati moimba akuzindikira kuti mphamvu ija imakwera anthu akaimba pamodzi, ndipo kuti atseke mng'aluwo pafunika chombo chonse chiimbe nyimbo imodzi. Alamu anafotokoza ndime imeneyi ngati mphunzitsi wa kwaya, mmene mawu amodzi amayambira pansi n'kumakoka ena mmodzimmodzi, ndipo kubwereza kwawo kwaposa zomwe zinatayika tsiku la magetsi lija.

Zotsala: kujambulanso mawu anga otsegulira, chifukwa galimoto inadutsa pakati; kutsitsa kugunda kwa musi pamene alamu ayamba kulankhula; kufunsa achimwene ngati alola kuti ndime ya Johannesburg ikhalemo, popeza ndi nkhani ya moyo wawo ndipo anainena mtima uli pamwamba. Ndiwapititsira mawuwo pa foni mawa madzulo kuti amvere okha asanayankhe.